Kulondola Makolo Athu m'Mabuku a Maukwati ndi a Zombo

 Tisanayambe nkhani yathu ya lero, ndifuna kuti aliyense wa inu ayese kanthu kena mumtima mwace. Chulani dzina la amai anu. Tsopano chulani dzina la amene anabala amai anuwo, ndiwo agogo anu. Pitirirani: nanga amene anabala agogowo anali ndani? Anabadwira mudzi uti? Anakwatiwa ndi yani, caka canji? Ndidziwa kuti ambiri a inu mwaima pa funso lacitatu, ndipo kapena aphunzitsi anunso aima pomwepo. Palibe ca manyazi. Koma taganizani: anthu amene mwalephera kuwachulawo anali moyo zaka 100 zokha zapitazo. Analima minda imene mulimamo lero, ndipo ena a inu munatengera mphuno zao ndi mayendedwe ao.

Munthu wofufuza makolo ace ali ndi mboni ziwiri. Yoyamba ndi pakamwa pa akulu. Yaciwiri ndi pepala lakale. Mboni ziwirizi ziri ndi zofooka zosiyana. Agogo amakumbukira bwino maina, pfuko, mudzi umene anthu anacokera, ngakhale amene anakangana ndi mnzace pa maliro, koma caka sacidziwa. Pepala limasunga caka, mwezi ndi tsiku, koma kawiri-kawiri limapotoza dzina, ndipo nthawi zina limasiya anthu ena dala. Nchito yanu ndi kukhazika mboni ziwirizi pamodzi, monga acitira pa bwalo la mfumu, kuti muone pamene zibvomerezana ndi pamene zitsutsana.

Citsanzo cimene munacimva kale m'phunziro la mbiri ndi ca Angoni a Zwangendaba. Akulu a Cingoni anasunga mau akuti tsiku limene anaoloka Zambezi dzuwa linada usana. Caka sanacichule, pakuti sanali kuwerenga zaka monga ticitira ife. Koma akatswiri a zakumwamba ali ndi mabuku osonyeza masiku amene kadamsana anacitika ndi maiko amene anaonekera. Atayerekeza mau a akulu aja ndi mabukuwo, anapeza kuti Angoni anaoloka mu Novembala 1835. Inunso mungacite cimodzi-modzi pa nkhani za banja lanu. Agogo akanena kuti amai ao anabadwa caka ca fuluwenza wamkulu, lembani 1918 kapena 1919. Akachula nkhondo ya Mpezeni ndi Azungu, ndi 1898. Akati madzi a Kariba anali kuyamba kudzaza, ndi 1958 kapena 1959. Mukagwira caka, ndiye kuti mwadziwa buku limene muyenera kukalitsegula.

Kale ukwati sunali kulembedwa pa pepala. Buku lace anali ankhoswe. Nkhoswe ya kucimuna ndi nkhoswe ya kucikazi ndiwo anali kudziwa kuti uje anakwatira uje, kuti nkhuku inaperekedwa, ndi kuti mlandu wa m'nyumbamo unatha bwanji. Njira imeneyi inali yabwino pamene anthu onse anali kukhala pafupi, koma nkhoswe ikamwalira, zambiri zinali kupita nayo kumanda. Mabuku olembamo maukwati anafika ndi amishoni. Ansembe a Katolika ochedwa White Fathers anakhazikika ku Kayambi mu 1895. A Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anatsegula Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Ansembe a Cijezuiti anayamba Chikuni mu 1905. Pa mishoni iriyonse panali buku la ubatizo, la maukwati ndi la imfa, ndipo kwa mabanja ambiri a m'Zambia mabuku amenewa ndiwo mapepala oyamba kuchula makolo ao ndi maina.

Amishoniwo sanayambe mwambo umenewu kuno. Msonkhano waukulu wa Akatolika wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti wansembe aliyense azisunga buku la maukwati, momwe azilemba maina a okwatirana, a mboni, tsiku ndi malo. Kuyambira 1908 lamulo lina linaonjeza kanthu kamene kangakuthandizeni kwambiri: munthu akakwatira, ngakhale kutali, uthenga uyenera kutumizidwa ku parishi imene anabatizidwirako, kuti ukwatiwo ulembedwe pambali pa dzina lace m'buku la ubatizo. Mukudziwa kuti amuna ambiri a kuno anapita ku migodi ya ku Luanshya, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg, ndipo ena anakhala machona osabwereranso. Ngati mmodzi wa iwo anakwatira m'chalichi ca Katolika kumeneko, ndipo ansembe anatsata lamulo, mungapeze mzere umodzi waung'ono m'buku la kwanu lomwe, wonena kumene munthuyo anathera ndi mkazi amene anamukwatira.

Ku England boma linayamba kulemba maukwati onse pa 1 Julaye 1837, ndipo mabuku ambiri a m'maiko olamulidwa ndi Angelezi anatengera mizere ya buku la kumeneko. Muli tsiku la ukwati, maina a mwamuna ndi mkazi, msinkhu wao, nchito yao, kumene akhala, kenaka dzina la atate a aliyense ndi nchito ya atatewo. Dzina la amai munalibe. Ku England komweko malo olembapo amai anaikidwa mu 2021 cabe. Tsopano inu ana a Acewa ndi Ansenga mwaona kale bvuto. Kwathu mwana ndi wa kwa amai ace. Mbumba imayang'aniridwa ndi atsibweni, ndipo minda ndi ufumu zimatsata bele. Mukatsata buku lokha, mudzakwera mzere wa atate okha-okha, ndipo mzere umene mudzi umauwerengera mudzausiya.

Komabe musalinyoze bukulo, cifukwa limasunga cimene mudzi umataya. M'mudzi wa cikamwini mwamuna ndi mlendo. Akamwalira, kapena ukwati ukatha iye nabwerera kwao, adzukulu amangomva kuti panali mkamwini wina wocokera kutsidya la mtsinje. Dzina la atate ace ndi la mudzi wace palibe amene amalisamala. Buku la maukwati ndilo lidzakuuzani zimenezi. Yang'aninso pansi pa tsamba pamene pali mboni. Kawiri-kawiri mbonizo zinali ankhoswe kapena abale eni-eni, ndipo dzina limodzi likamabwera-bwera pa maukwati a ana a nyumba imodzi, funsani agogo kuti munthuyo anali ndani. Mwina ndiwo atsibweni amene buku linalibe malo owalembapo. Mukaona mtanda waung'ono m'malo mwa dzina, musaganize kuti munthuyo anali atamwalira. Ndi cizindikilo cimene anali kuika anthu osadziwa kulemba.

Cimene cidzakubvutitsani koposa ndi maina. Munthu mmodzi wa nthawi imeneyo angathe kukhala ndi maina anai kapena asanu: la ubwana, limene analandira ku cinamwali, la ubatizo, limene bwana anamucha ku nchito, ndi la mwana wace woyamba, monga amace uje. Agogo adzakuuzani limodzi, buku lidzalemba lina. Mabuku akale a Katolika analembedwa m'Cilatini. Petulo ndi Petrus, Yohane ndi Joannes, Yakobo ndi Jacobus. Liu lakuti filius litanthauza mwana wamwamuna wa uje, filia mwana wamkazi, ndipo testes ndi mboni. Dzina la banja nalonso silinali lokhazikika. Kalaliki wina anali kulemba ciwongo, monga Phiri kapena Banda, wina anali kutenga dzina loyamba la atate ndi kulisandutsa la banja lonse. Ndico cifukwa cace ana a mimba imodzi angapezeke wina ali Tembo, wina ali Yohane. Kalembedwe nako kanali kosiyana-siyana: Mvula ndi Mbvula, Ngoma ndi Ng'oma. Malonso anasintha maina. Chipata anali Fort Jameson, Kabwe anali Broken Hill, Mbala anali Abercorn, Mansa anali Fort Rosebery, ndipo boma la Luangwa linali Feira.

Pali anthu ena amene buku la chalichi linawasiya dala. Amishoni sanali kubvomereza mitala. Mwamuna wa akazi awiri kapena atatu akafuna ubatizo anali kuuzidwa kuti atsale ndi mmodzi, ndipo mmodziyo ndiye analembedwa. Enawo ndi ana ao simudzawapeza pa tsamba limenelo, ngakhale kuti mwa mwambo anali akazi ace eni-eni. Conco mukapeza agogo anu aamuna alembedwa ndi mkazi amene dzina lace simulidziwa, musafulumire kunena kuti kunyumba anakunamizani. M'matauni a ku migodi munalinso kalata ya ukwati, imene anthu anali kuicha mchato. Popanda iyo kunali kobvuta kuti banja lipatsidwe nyumba ya okwatira m'komboni. Anthu ambiri anaida kalatayi pamodzi ndi citupa, pakuti zonse ziwiri zinali zingwe za boma la atsamunda. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, amuna ambiri anatentha zitupa zao ndipo amai ena anatentha michato yao. Ngati kwanu mapepala otere kulibe, kapena cifukwa cace ndi cimeneci, ndipo imeneyonso ndi mbiri yoyenera kuilemba.

Mukafuna kuona buku la pa mishoni, pemphani aphunzitsi aakulu alembe kalata kwa abusa kapena ansembe, yochula dzina la munthu, mudzi ndi zaka zimene muganizira. Mabuku ena anasamutsidwira ku likulu la mpingo, ena anadyedwa ndi ciswe. Mukaloledwa, sambani m'manja, gwiritsani nchito pensulo osati inki, ndipo musanyowetse cala ndi malobvu potsegula tsamba, cifukwa pepala lakale limathetheka msanga. Koperani zonse monga zinalembedwera, ngakhale pamene muona kuti wolembayo analakwa. Ku Lusaka kuli National Archives of Zambia, kumene amasunga mabuku ochedwa District Notebooks. M'menemo mabwanamkubwa a maboma anali kulemba mbiri za mitundu, mizere ya mafumu ndi maina a midzi.

Tsopano tibwere ku zombo. Wina afunsa kuti, Zambia alibe nyanja yamcere, nanga mabuku a zombo atikhudza bwanji? Yankho lace ndi lakuti njira za makolo athu zinali kukathera ku nyanja. Abisa anali kusenza minyanga mpaka ku madoko a kum'mawa. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri a m'cigwa ca Luangwa ndi a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi anagwidwa ndi Acikunda, Ayao ndi Aswahili, natengedwa ku Quelimane, ku cisumbu ca Mozambique, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kumene anakwezedwa m'zombo. M'mabanja ena mpaka lero amakamba za mwana amene anapita kukatunga madzi kapena kukatola nkhuni ndipo sanabwerenso. Mudzi umadziwa tsiku limene anasowa. Kumene anapita, ngati kungadziwike konse, kungadziwike m'mabuku a zombo.

Anthu a zombo anali olemba kwambiri, ndipo cifukwa cace cinali ndalama. Combo cikamira, eni katundu anali kufuna kulipidwa ndi a inshuwalansi, conco zonse zinayenera kulembedwa. Ku London nyuzipepala ya Lloyd's List inayamba mu 1734 kulengeza zombo zonyamuka, zofika ndi zomira, ndipo buku la Lloyd's Register, lofotokoza combo ciriconse ndi kaputeni wace, linatuluka koyamba mu 1764. Kaputeni anali ndi buku lace lolembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo okhometsa msonkho pa doko analinso ndi ao.

Koma tamverani zimene zinacitika ndi combo ca Apwitikizi cochedwa São José. Cinanyamuka ku cisumbu ca Mozambique mu Disembala 1794 ndi akapolo oposa 500, kupita ku Brazil. Pa 27 Disembala cinagunda miyala pafupi ndi Cape Town. Kaputeni ndi amalinyero ace onse anapulumuka. Akapolo oposa 200 anamira, ndipo otsalawo anagulitsidwa komweko. Patapita zaka zoposa 200, ofufuza anapeza umboni umene kaputeni uja anapereka ku bwalo la ku Cape Town, ndiponso kalata ya ku Lisbon yowerenga zitsulo zolemera zimene zinaikidwa pansi pa combo kuti cisapendekeke. Zitsulo zotero zinapezeka pansi pa nyanja pamalo pomwepo, ndipo mu 2015 analengeza kuti comboco cadziwika. Mapepala anawerenga zitsulo, anachula kaputeni ndi mwini combo, koma mwa anthu 500 aja sanachule dzina ngakhale limodzi. Ndi mmene mabuku a ogulitsa anthu aliri. Pa intaneti pali nkhokwe yochedwa SlaveVoyages, yokhala ndi maulendo oposa 36,000 a zombo za akapolo zooloka Atlantic. Mudzapezamo maina a zombo, madoko ndi ciwerengero ca anthu, koma eni acewo analembedwa ngati katundu.

Maina amayamba kuoneka pamene zombo za nkhondo za Angelezi zinayamba kugwira zombo za akapolo. Amalinyero anali kulandira mphotho pa munthu aliyense woomboledwa, conco anayenera kuwawerenga ndi kuwalemba. Ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, kuyambira 1808 akalaliki anali kulemba dzina la Ciafirika la munthu aliyense, msinkhu, kutalika kwace ndi mphini za pa nkhope yace. Maina oposa 90,000 a mtundu umenewu anasonkhanitsidwa ndipo angawerengedwe lero. Kumbali yathu ya kum'mawa, mu 1868 combo ca HMS Daphne cinaombola ana ambiri, ndipo cithunzi cao atakhala pa combopo, nthiti ziri poyera, cimasungidwa ku National Archives ya ku Kew, m'London. Oomboledwa sanali kubwezedwa kwao, pakuti kwao kunali kutali ndipo nkhondo zinali zisanathe. Ena anatsitsidwa ku zisumbu za Seychelles kuyambira 1861, kumene mabuku ena ali ndi cithunzi ca munthu aliyense pambali pa dzina lace. Ena anapita ku Aden ndi ku Bombay. Mu Ogasiti 1873 HMS Briton inatsitsa anthu 113 ku Durban, ambiri a iwo Amakua a ku Mozambique. Zidzukulu zao ziripo mpaka lero, ndipo zimachedwa Azanzibari, ngakhale kuti makolo ao sanali a ku Zanzibar. Apanso muone mmene dzina la pa pepala limasoceretsera.

Pamene buku la combo lilekezera, buku la maukwati limapitiriza. Ana oomboledwa ambiri anaperekedwa kwa amishoni, ku Nasik m'dziko la India, ku Zanzibar, ndi ku Frere Town pafupi ndi Mombasa, mudzi umene unamangidwa mu 1875. Kumeneko anabatizidwa, nakula, nakwatirana m'chalichi. Wofufuza amatenga dzina la combo ndi caka m'buku loyamba, kenaka amafuna munthu yemweyo m'buku la ubatizo, pamene anapatsidwa dzina latsopano, ndipo pomaliza m'buku la maukwati, pamene mkazi ndi ana amayambira kuoneka.

Mmodzi wa ana otere munamumva kale, ngakhale kapena simunadziwe mbiri yace. Nonse mudziwa kuti David Livingstone anamwalira pa mudzi wa Chitambo mu 1873, ndi kuti Chuma ndi Susi anatsogolera anzao kunyamula mtembo wace. M'gulu limenelo munali mnyamata wochedwa Jacob Wainwright. Iye anagwidwa ukapolo ali mwana, anaomboledwa pa nyanja ndi combo ca Angelezi, naphunzira ku Nasik, ndipo dzina la Cingelezi limeneli analipatsidwa ndi amishoni. Popeza anali wodziwa kulemba, ndiye anawerenga mapemphero pokwirira mtima wa Livingstone, nalemba mau pa mtengo wa mpundu, umene ife timaucha muula. Ulendo wa ku nyanja unatenga miyezi pafupi-fupi 9. Kucokera pamenepo tingamutsate ndi maina a zombo. Mtembo unafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874, ndipo HMS Vulture inauolotsera ku Zanzibar. Sitima ya Calcutta inautengera ku Aden, kumene unasamutsidwira m'sitima ya Malwa, imene inafika ku Southampton pa 15 Epulo 1874. Pali cithunzi ca Wainwright atakhala pambali pa bokosi m'sitimamo. Pa 18 Epulo iye anali mmodzi wa onyamula bokosi ku Westminster Abbey. Anamwalira mu 1892 ku Urambo, m'dziko limene lero ndi Tanzania.

Munthu woona dzina lokha m'nyuzipepala za 1874 angaganize kuti Jacob Wainwright anali Mngelezi. Ndipo pali cinanso. Pa mtengo paja iye analemba kuti Livingstone anamwalira pa 4 Meyi, pamene mwala wa pa manda ku London unena 1 Meyi. Cidutswa ca mtengowo cinadulidwa mu 1899 ndipo cimasungidwa ku Royal Geographical Society m'London. Zolembedwa ziwiri, za imfa ya munthu mmodzi wochuka, zisiyana masiku atatu. Nanga kuli bwanji za agogo anu, amene kalaliki wotopa anangoyang'ana nkhope yao ndi kuganizira zaka?

Si onse anaoloka nyanja ali omangidwa. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ndipo ena anakwera zombo kupita ku Madagascar, ku Ceylon ndi ku Burma. Ngati kwanu kuli kabuku ka msilikali wakale, samalani nambala yace, pakuti maina amafanana koma nambala ndi ya munthu mmodzi. Amwenye oyamba kukhazikika ku Fort Jameson kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 anacokera ku Gujarat pa sitima, natsikira ku madoko a Mozambique. Ophunzira ndi atsogoleri athu opita ku Britain ndege zisanacuruke anali kukwera sitima ku Cape Town. Ku Kew kuli mindandanda ya apaulendo ofika ku Britain kucokera kunja kwa Ulaya kuyambira 1878 mpaka 1960, ndi ya onyamuka kuyambira 1890 mpaka 1960, yochula dzina, msinkhu, nchito ndi dziko la munthu aliyense.

Ndifuna kukuuzani za wofufuza mmodzi wochuka, kuti mucenjere ndi msampha umene iye anagwamo. Alex Haley, wa ku America, anamva kwa agogo ace za kholo lao locokera ku Afirika, limene linapatsidwa dzina lakuti Toby. Iye anapita ku Gambia, ku mudzi wa Juffure, kumene mkulu wina anamuuza za Kunta Kinte amene anagwidwa akudula mtengo. Kenaka anafufuza m'mabuku a zombo, napeza combo cochedwa Lord Ligonier, cimene cinafika ku Annapolis pa 29 Seputembala 1767 ndi akapolo 98 amoyo. Buku lace la Roots linatuluka mu 1976, ndipo linadzutsa anthu ambiri kuyamba kufunsa za makolo ao. Pa ici ayenera kuyamikidwa. Koma ofufuza ena atabwereza nchito yace anapeza zinthu ziwiri. Mkulu wa ku Juffure uja anali atauzidwiratu nkhani imene mlendoyo anali kufuna. Ndipo mu 1981 Gary Mills ndi Elizabeth Shown Mills anasonyeza kuti Toby analembedwa kale m'mapepala a eni ace ku Virginia zaka zisanu combo cija cisanafike. Combo cinalipodi, Toby analipodi, koma palibe pepala lomuika iye m'combomo. Haley analumikiza ziwirizo cifukwa mtima wace unali kufuna kuti zilumikizane. Conco mukapita kwa agogo, musawauziretu yankho. Musafunse kuti, "Kodi si zoona kuti tinacokera ku Tete?" Funsani kuti, "Tinacokera kuti?" ndipo mukhale cete, mumve.

Kwa inu aphunzitsi ndiri ndi pempho limodzi. Nchito imeneyi imafukula zinthu zimene mabanja ena safuna kuti zikambidwe pa gulu. Liu lakuti kapolo likali cipongwe cacikulu m'midzi yathu, cotha kufikitsa munthu ku bwalo la milandu. Pali ana ena osadziwa atate ao, ndi ena oleredwa ndi acibale. Musakakamize mwana kuwerenga zimene wapeza pamaso pa anzace, ndipo musapacike mizere ya mabanja pa khoma popanda cilolezo ca makolo. Mwana amene angathe kutsata mzere wa amai okha wacita nchito yokwanira.

Sabata ino, ana inu, tengani tsamba limodzi la kope lanu, mulembe mzere pakati kucokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere mulembe zimene mwamva, pamodzi ndi dzina la amene wakuuzani ndi tsiku limene anakuuzani. Kumanja mulembe zimene mwaona ndi maso anu pa pepala, kaya ndi khadi la ubatizo, mchato, kabuku ka msilikali, kapena maina olembedwa pa tsamba loyamba la Baibulo la kunyumba. Funsani munthu wamkulu koposa onse m'banja lanu maina onse amene makolo ace anali kuchedwa nao, mishoni imene anali kupempherako, ndi amene anali ankhoswe ao. Funsaninso ngati alipo wina amene anapita kutali osabwerera, ndi njira imene analowera. Mukabwera nazo, aphunzitsi adzakuthandizani kulemba kalata ya ku mishoni. Tsalani bwino.